Juzi Yofiira ndi Mapazi a Wongani

Dzinja la kwathu ku Msongwe, mumzinda wa Mzuzu, linkanunkhira makala onyowa ndi utuchi wa paini umene amayi ankathira pakhomo kuti tisalowe ndi matope m'nyumba. Chaka chimenecho ndinali kamtsikana ka sitandade 4. Ndinkavala juzi yofiira ya pakaunjika tsiku lililonse, ngakhale aliyense ankati mphenzi imalondola zofiira. Ndinali wamakani, komanso ku Mzuzu kumazizira.

Masana ena mvula inatipeza pabwalo la mpira. Ine ndinangoima chilili, mapazi nditagundanitsa chifukwa cha kuzizidwa. Mchimwene wanga Wongani ankabwera chothamanga, ndi miyendo yake yaitali imene tinkamuseka nayo. Mphenzi inamenya mtengo wa bulugamu pafupi nafe. Ine ndinangomva dzanzi m'miyendo. Wongani anagwa, ndipo sanadzukenso.

Pamaliro palibe anandiloza chala, koma ndinamva azimayi ena akunong'onezana za juzi ija. Ndinasiya kudya. Mumtima ndinkadziwa kuti wamupha ndine.

Anthu atabalalika, azakhali anga a NyaJere, amene ankaphunzitsa sayansi kusekondale, anandikhazika pakhonde. Anajambula mizere iwiri padothi lonyowa ndi kamtengo. Anati magetsi a mphenzi akamayenda pansi, mavoliti ake, omwe ndi muyeso wa magetsiwo, amanka natsika ngati msewu wotsetsereka. Ukafuna kudziwa kusiyana kwa mavoliti pakati pa malo awiri, umatenga mavoliti otsika pa mita imodzi n'kuchulukitsa ndi mtunda wa pakati pa malowo. Mapazi anga anali pamodzi, choncho kusiyanako kunali kochepa. Mapazi a Wongani anali otalikirana, ndipo magetsi analowera mwendo wina n'kutulukira winawo.

"Si juzi, mwana wane," anatero. "Undimvetse chomene, si juzi."

Za mavolitizo sindinatolepo kanthu. Chimene ndinamva n'chakuti munthu wamkulu wandichotsera mlandu, ndipo madzulo ake ndinadya.

Lero ndimaphunzitsa samu yomweyo kusekondale ya Katoto. Ndimajambula zitsulo ziwiri zoyang'anana pabolodi, mphamvu ya magetsi ili yofanana paliponse pakati pake, ndipo ana amachulukitsa n'kupeza yankho mosavuta. Ine imandiwawa nthawi zonse. Ndili mwana, samuyi inandiuza kuti ndilibe mlandu, ndipo inanena zoona. Koma nditakula ndinaonamo zimene azakhali sanafune kundiuza tsiku lija. Wongani akanaima pamene anali, mapazi ake akanakhala pamodzi ngati anga. Anatalikirana chifukwa ankathamangira kudzanditenga.