Kulawa si Kudya

Tsiku limene sikelo ya kuchipatala inaonetsa 114, ndinauza namwino kuti sikelo yake ndi yakufa. Ndinalankhula mokweza, anthu onse a pabenchi akumva. Iye sanalimbane nane. Anawatsitsa amayi anga pa sikelopo, anakwerapo yekha, anandionetsa nambala yake, kenako anawakwezanso amayi. Inabwera 114 yomwe ija.

Miyezi itatu m'mbuyomo amayi ankalemera makilo 112, ndipo miyezi yonseyo ankadya zokhazo zimene ine ndawayezera. Ndinkayembekezera kuti atsika ndi makilo asanu. Iwo anakwera ndi awiri.

Amayi anga ndi ophika pa kantini ya fakitale yopanga matumba. Anthu mazana anayi amadya za m'manja mwawo tsiku lililonse. Anayamba ntchito kumeneko ine ndili ndi zaka ziwiri, bambo atangotisiya, ndipo anayambira kotsuka mbale. Maso awo sankakhala pa mbalezo, ankakhala pa mapoto a eni ake. Tsiku lina wophika wamkulu atadwala, iwo anangopukuta m'manja n'kukaima pa chitofu, ndipo kusinki sanabwererekonso. Papita zaka 29. Sikelo ya kukhitchini saigwira, kapu yoyezera saidziwa. Mchere amatapa ndi dzanja, kuwaza, kutakasa, kenako n'kuti, “Tilawe kaye.” Mawu amenewa ndiwo anasanduka dzina lawo. Kuyambira alonda a pageti mpaka mabwana a m'maofesi, onse amawadziwa kuti Mayi Tilawe.

Chaka chatha anaterereka pa mafuta otayikira pansi atanyamula thireyi ya mpunga. Thireyiyo sanaigwetse, mpaka lero amadzitama nazo, koma bondo lakumanja linapotoka. Adokotala a mafupa atajambula anapeza kuti bondolo linali litadyeka kale mkati, kugwako kunangomalizitsa. Anati pafunika opaleshoni, koma sangaichite amayi asanatsike kufika pansi pa makilo 100. Anatinso tikazengereza, pakutha pa zaka ziwiri tidzakhala tikufunafuna njinga ya olumala. Kuntchito anawapatsa mpando wautali woti azikhalapo pophika, komanso chaka chimodzi. Chakacho chikatha asakuimirira bwino, apume pa ntchito.

Ine ndine mphunzitsi wa masamu, ndipo vuto langa ndi loti ndimakhulupirira kuti chinthu chikalembedwa m'mizere yowongoka chimamvera. Ndinatenga pepala lalikulu ndi rula, ndinalemba chakudya cha sabata yonse n'kumata pa firiji. M'mawa dzira lowiritsa, kagawo kamodzi ka buledi ndi tiyi wopanda shuga. Masana theka la kapu ya mpunga, masamba ndi kanyama ka nkhuku kochotsa khungu. Madzulo nyemba ndi kabichi. Lamlungu masana ndinkaphika, kugawa m'timabakuli n'kulemba tsiku pa chivundikiro chilichonse. Mafuta ndinkachita kudontheza, mchere wongonunkhiza. Achimwene anga atalawa anati kuli bwino kutafuna katoni. Amayi ankadya osadandaula ngakhale tsiku limodzi, ine n'kumanyadira kuti ndili ndi wodwala womvera.

Pa masewera olimbitsa thupi ndiye ndinalakwitsa kwambiri. Ndinawalamula kuti azizungulira bwalo la sukulu yathu katatu madzulo aliwonse, ndodo ili m'manja. Tsiku lachinayi bondo linatupa mpaka siketi kukanika kukhudzapo. Mayi wa mafizo, amene amaphunzitsa ovulala kuyendetsa ziwalo, anandikalipira ngati mwana wa sitandade wanu.

“Mphunzitsi, bondo ili si wophunzira woti mungamukakamize,” anatero. “Akhale pampando. Azitukula mwendo kakhumi, apume, atukulenso. Manja azinyamula mabotolo a madzi.”

Anati mabotolo a lita imodzi. Ine ndinawerengetsa kuti malita asanu afulumizitsa zinthu kasanu. Sabata isanathe phewa la amayi linali litabinya. Choncho anali ndi zovulala ziwiri, chimodzi cha mafuta a fakitale, china cha mwana wawo wophunzira.

Ndiye mumvetse mmene mtima wanga unalili titachoka pa sikelo paja. M'basi sitinalankhulane. Titangolowa m'nyumba ndinaponya chikwama pampando.

“Amayi, mukudya chiyani kuseri?”

“Iwe, ukundifunsa ine?”

“Nanga ndifunse ndani? Munthu sanenepa ndi mphepo. Kapena azakhali akumakupatsani zinthu kuntchito?”

Azakhali amenewa ndi anzawo ophika nawo limodzi. Palibe ubale, tinangowazolowera choncho.

“Mwanawe, ndakulera ndi manja awiriwa, lero ukundiyesa wakuba chakudya?” “Kabakuli kako ndimadya nthawi imene unalemba. Kuntchito sindidya kanthu kena. Ndimangolawa basi.”

Analowa kuchipinda. Ine ndinatsala ndili chiimire pafupi ndi firiji, ndipo mawu omaliza aja anakana kuchoka m'mutu mwanga.

Sabata yotsatira sukulu inatsekera. Ndinapempha kapitawo wa kantini kuti ndikhale nawo m'khitchini tsiku limodzi, ndipo anandilola bola ndivale kaneti kumutu ndiponso ndisamatsekereze njira. Ndinapita ndi bakuli lopanda kanthu.

“Supuni iliyonse imene muike mkamwa, ine nditapa ina yofanana nayo n'kuika umu,” ndinawauza amayi.

Anaseka. “Tapa, mwanawe. Pofika madzulo mwina upeza zokwana mphaka.”

Khitchiniyo ili ndi mapoto asanu ndi atatu, lililonse loti mwana akhoza kusambiramo. Amayi ankakoka mpando wawo kuchoka pa poto lina kupita pa lina, ndodo ataikoleka kumbuyo. Supuni yawo ndi yaikulu, yachitsulo, ndipo amaitsuka pakalawidwe kalikonse. Analawa phala. Analawa msuzi wa nyama usanawire, utawira, atathira tomato, atathira mchere. Analawa mpunga kuti aone ngati wapsa pakati. Analawa mbatata yokazinga ya mabwana, nyemba, mafuta okazingira anyezi. Pofika teni koloko bakuli langa linali litadzaza, ndipo ndinabwereka lina kwa azakhali. Cha m'ma wanu ndinabwereka lachitatu.

Kuseka kunawathera. Ankati akatukula supuni n'kundiyang'ana kaye, koma dzanja linkapitabe kukamwa lokha. Anthu atamaliza kudya ndinawerenga timizere timene ndinkalemba papepala pa supuni iliyonse. Masupuni 87. Ndinaika mabakuliwo pa sikelo ya kukhitchini ija amayi saigwira, ndipo inaonetsa kilo imodzi ndi theka. Zinali zosakanikirana, mafuta atayandama pamwamba, zoti galu akhoza kuganiza kawiri.

Amayi anangoti kukamwa yasa. “Zonsezi zalowa mwa ine?”

“Lero lokha.”

Anagwira pamutu ndi manja onse awiri. Ndikanakhala mwana wabwino ndikanasiyira pomwepo. Koma panali chinthu china chimene ndinaona, ndipo chinkandidya. Titatuluka kuseri kwa khitchini, pabenchi ya pafupi ndi masilinda a gasi, ndinawafunsa.

“Poto la nyemba lija mwalawa kasanu ndi kamodzi, osawonjezeramo kanthu ngakhale kamodzi. Kumeneko n'kulawa, amayi? Bwanji osangovomera kuti inali njala?”

Anasisita bondo. Kenako anati, “Pita ukatenge mchere pang'ono ndi shuga pang'ono. Usandionetse.”

Ndinabwera nazo m'manja. Anatsinzina n'kutulutsa lilime ngati mwana wolandira mankhwala. Ndinaikapo shuga.

“Mchere,” anatero.

Ndinaganiza kuti akundiseka. Ndinaikapo mchere wambiri ndithu, woti munthu akwinye nkhope. Nkhope yawo sinasinthe.

“Sindikudziwa,” anatero. “Zonse ndi mchenga.”

Anatsegula maso, misozi ili lengelenge, n'kundiuza kuti lilime lawo linafa zaka zitatu zapitazo. Anadwala chimfine chachikulu, anagona sabata, ndipo atadzuka sankamvanso kukoma kwa chilichonse. Mphuno nayonso inatseka, moti ngakhale gasi atatayikira sangamve fungo. Anadikira mwezi, anadikira chaka, osauza munthu. Kale ankalawa poto kawiri basi. Tsopano ankabwerezabwereza, akuganiza kuti mwina supuni yotsatirayo ndi imene imveke.

“Ndikanauza ndani?” anatero. “Wophika wopanda lilime amamusunga ndani? Ndinalowa muno ndi chinkhupule chotsukira mbale. Sindinkafuna kutulukamo ndi chinkhupule chomwecho.”

Ndinakumbukira zophika zanga zija achimwene anazikana, mmene amayi ankazidyera mwakachetechete ine ndikudziguguda pachifuwa. Ndinachita manyazi kwambiri. Zaka zitatu tikudyera patebulo limodzi, ine katswiri wa kuwerengetsa ndinali ndisanaone kanthu.

Chitseko cha khitchini chinatseguka, azakhali anatuluka akupukuta m'manja. Zikuoneka kuti anamva zonse.

“Achemwali, musadzivutitse,” anatero azakhali. “Ine ndinadziwa kalekale. Tsiku lija munamwa tiyi wa mkaka wosasa mpaka kumaliza kapu.”

“Ndiye munangokhala chete?” anafunsa amayi.

“Nanga inu munalankhula? Ndakhala ndikulawa pambuyo panu mukatembenuka. Zaka zonsezi ndawonjezerapo mchere kawiri kokha. Dzanja lanulo likudziwa ntchito, lilime linkangoperekeza.”

Amayi anawayang'ana, kenako analira mokweza, kulira kumene sindinakuonepo chibadwire. Azakhali anawasiya alire, n'kundituma ine kuti ndikataye mabakuli aja.

Anagwirizana kuti amayi aziphika, azakhali azilawa kamodzi pomaliza, ndipo gasi aziyatsa azakhali. Kunena kunali kosavuta. Dzanja lozolowera zaka 29 silimva malamulo. Amayi anayamba kuvala kansalu kotchinga pakamwa, ndipo sabata yoyamba kankabwera kunyumba kali ndi madontho a msuzi pamene supuni yagunda. Tinkachapa tikuseka, ngakhale ine kuseka kwake kunkandiwawa.

Pepala la pa firiji ndinaling'amba. Tinalemba lina limodzi ndi mayi wa mafizo, ndipo iye anawonjezera chakudya m'malo mochepetsa, chifukwa kulawa kutatha amayi ankamva chizungulire pofika masana. Amayi anapempha zinthu zokhukhuta pakamwa, karoti wosaphika, nkhaka, mtedza pang'ono, ati popeza kukoma kunapita, azimvako phokoso. Masewera tinatsatira monga anatiuzira, osawonjezera nzeru zanga. Ankatukula mwendo atakhala pampando, sokosi yodzaza mchenga itamangidwa pa kakolo. Phewa litapola anabwerera ku mabotolo a lita imodzi. Kawiri pa sabata ankapalasa njinga yosayenda ya kuchipatala, akudandaula kuti thukuta lonseli koma munthu osafika kulikonse. Masiku ena bondo linkakana, ndipo tinkangoika madzi oundana n'kusiya.

Patatha miyezi isanu ndi iwiri, namwino yemwe uja anawakweza pa sikelo yomwe ija. Inaonetsa 98. Anandiyang'ana n'kufunsa ngati lero sikelo yake ili moyo. Ndinapepesa.

Adokotala a mafupa anatipatsa tsiku la opaleshoni, kutatsala miyezi iwiri kuti chaka cha kuntchito chithe. Amayi analimba mtima n'kuwafunsa za lilime. Anatitumiza kwa adokotala ena, amene anawayeza mphuno ndi pakamwa, n'kunena kuti papita nthawi yaitali ndipo sangalonjeze kanthu. Amayi anangogwedeza mutu n'kuthokoza.

Opaleshoni inayenda bwino. Tsiku lachitatu anaimirira atagwira chitsulo choyendera, anayenda mapazi asanu ndi atatu, n'kubwerera pabedi thukuta lili kamukamu. Masana amenewo ndinawabweretsera nyemba ndi mpunga. Anadya pang'ono, kenako anaika supuni pansi.

“Mwanawe, ndikufunse. Nyemba zanga zija, zimene ndimaphika ine, zimamveka bwanji mkamwa? Ndayamba kuiwala.”

“Zimakoma, amayi.”

“Ndikudziwa kuti zimakoma. Ndikuti zimamveka bwanji? Chimayamba kumveka n'chiyani, anyezi kapena tomato? Chimatsalira kukhosi n'chiyani?”

Ndadya nyemba zimenezo moyo wanga wonse, nthawi zambiri ndikuchonga makope kapena ndikuyang'ana foni. Ndinafufuza m'mutu monse, ndipo ndinapezamo mawu omwe aja.

“Zimakoma kwambiri,” ndinatero.

Amayi anandiyang'ana nthawi yaitali.

“Zaka makumi atatu ndikukudyetsa,” anatero, “lilime lamoyo uli nalo ndiwe, ndiye wasungamo mawu awiri okha?”

Anakoka bulangete n'kutembenukira kuzenera. Patapita kanthawi analankhulanso osandiyang'ana.

“Ndikatuluka muno ndikaphika. Ukakhale pansi, foni ukaisiye kuchipinda, ukadye pang'onopang'ono. Ndiye ukandiuze.”