Amayi Olipa Medson ndi Mwendo Umene Unatupa mu 1994

Akhristu amene mwafika m'parishi muno posachedwa simunawaone Amayi Olipa Medson. Ife akalefe tikalowa m'tchalitchi Loweruka masana timakhala ngati timvanso tsache lawo pakati pa mabenchi.

Anabadwira ku Ntcheu mu 1932. Sukulu analekezera Sitandade 2 mayi awo atamwalira, poti panalibe wina wolera ang'ono awo. Katekisimu anaisunga pamtima pongomvetsera anzawo akuwerenga. Atakwatiwa ndi Abambo Medson anadzakhazikika ku Kawale, bambowo akugwira ntchito ya fodya ku Kanengo. Mwa ana asanu ndi mmodzi, awiri anawaika m'manda akadali makanda, ndipo amuna awo anatisiya mu 1988. Koma kusesa tchalitchi, kuchapa nsalu za paguwa ndi kuyendera odwala wapansi mpaka ku Biwi sanaleke.

Mu Febuluwale 1994, pochokera kukazonda wodwala, anaterereka podumpha ngalande nagwera pamwala ndi ntchafu ya kumanja. Fupa silinathyoke, koma kutacha magazi anali ataundana mkati, ntchafu itatupa ngati papaya, khungu litada bii. Kuponda pansi sankatha.

Anthu anayamba kunong'onezana za ufiti. Sabata yapitayo mayiwa anali atasemphana mawu pampopi ndi Amayi Emily, a nyumba yoyandikana nayo, amene sankapemphera kulikonse ndipo ankatchuka ndi kulongolola. "Kutupa kotere si kwa kugwa kokha ayi," ena ankatero. Mandasi a Amayi Emily anasowa ogula, ndipo panamveka zofuna kuwasamutsa.

Mwana wamkulu wa Amayi Olipa, Godwin, anabwera ndi munthu wotema mphini. Amayi Olipa anati, "Godwin, mlendoyu umuperekeze mwaulemu. Mwala umene ndinagwerapo ndinauona ndi maso angawa, unali ndi ndere. Kandiitanire Amayi Emily."

Amayi Emily anaima pakhomo, osalowa.

"Lowani anzanga," anatero odwalawo. "Mundiperekeze kuchipatala, inu ndinu amphamvu."

"Ine? Kodi simunamve zimene akunena?"

"Ndamva. N'chifukwa chake ndaitana inuyo."

Tonse tinawaona m'mawa umenewo akuyenda pang'onopang'ono kupita kokwerera minibasi, Amayi Olipa atakoloweka mkono m'khosi mwa mnzawoyo. Madokotala anang'amba pang'ono n'kuchotsa magazi oundanawo, ndipo anawagoneka masiku asanu ndi anayi. Atatuluka, Amayi Emily ndiwo ankawasambitsa, kuwatsamiritsa mwendo papilo ndi kupita nawo kukatsukitsa bala. Za ufiti zija palibe anazitchulanso.

Kuchira kunatenga miyezi itatu. Ine ndinkawapititsira Ukaristia Lamulungu lililonse, ndipo ndinkawapeza atakhala pamphasa, kolona m'manja, nkhope itachita makwinya ndi ululu. Ndikafunsa za mwendo ankangoti, "Ukuphwa, mwanawe." Kenako ankandifunsa, "Amene akusesa masiku ano, kuseri kwa guwa akumafikako?" Pa Pentekoste analowa m'tchalitchi ndi ndodo, ndipo amayi a mumpingo analephera kudziletsa, nthungululu zinalira Misa isanayambe.

Mwendowo unatsala wouma pang'ono, maulendo a ku Biwi anatha. Odwala apafupi okha ankawafikirabe. Amayi Emily sanalowe mpingo wathu, ndipo Amayi Olipa sanawakakamize. Ankati, "Ine ndinapempha mkono wawo, za mtima wawo akudziwa ndi Mwini wake."

Mu Okutobala 1998 mphamvu zinayamba kuwathera. Lachisanu lina masana, atalandira sakramenti la odwala, anapempha Godwin kuti atsegule zenera, chifukwa kwaya ya mphakati wawo inkaphunzira nyimbo pakhonde la nyumba yachitatu. Anamvetsera maso ali chitsinzire, milomo ikutsatira mawu. Nyimbo yachiwiri isanathe, anapuma komaliza.

Sanatisiyire chuma kapena dzina lalikulu. Anatisiyira chitsanzo cha munthu amene, ali mu ululu, anaganizira kaye mnzake wonamiziridwa. Ambuye awapatse mpumulo wosatha, ndipo tikamapempherera akufa athu mwezi uno, dzina lawo tisalidumphe.