Ndodo Ziwiri za Adada

Adada atadwala sitiroko, adokotala ananena chinthu chimodzi: aziyenda tsiku lililonse ndi ndodo, apo ayi mwendo wakumanzere uferatu. Ndodoyo tinagula, yokongola, yopindika kumutu. Adada anaiyang'ana ngati tawabweretsera njoka.

"Ine ndinali hedimasitala," anatero. "Theka la Zolozolo linadutsa m'manja mwangamu. Lero andione ndikutsimphina ndi ndodo ngati nkhalamba?"

Nkhalamba anali kale, koma akanawauza ndani? Basi anakhazikika pampando kutsogolo kwa kanema, bulangete m'miyendo, mwendo uja ukuonda tikuona. Amama ankalirira kukhitchini. Ine ndinkaopa kuti pampandopo sadzadzukaponso.

Tsiku lina akusinthasintha matchanelo anapeza mpikisano wachilendo. Dziko lonse linali mbuu ndi chipale chofewa, anthu atamanga timatabwa titalititali kumapazi, akutsetsereka m'nkhalango, kukwera zitunda, kutsika, kukweranso. Amene anapambana anali mtsikana wa ku Sweden. Atangodutsa mzere anagwa chafufumimba, akupuma wefuwefu ngati wathamangitsidwa ndi galu.

"Uyu ndiye munthu," anatero adada.

Tsono adada kwawo ndi ku Nkhata Bay, kotentha. Zaka zonse akhala mu Mzuzu muno, kukangochita nkhungu amavala majuzi awiri ndi chipewa chaubweya, n'kumadandaula ngati wina wawalodza. Koma munthu yemweyu ndi amene anasanduka mphunzitsi wa za chipale. Ankadziwa kuti mtsikanayo amayamba mofatsa, n'kudzawapitirira anzake pachitunda chomaliza. Akapambana tinkadya mwamtendere, akagonja ndiwo zinalibe mchere. Amama anamutcha "mkazi mnzanga."

Ndipo ndi amama amene anaona chimene tonsefe sitinachione.

"Ahedi," anatero, poti akafuna kuwanyogodola amawaitana choncho, "mkazi mnzangayu bwanji? Mwana wamng'ono chonchi, ndodo mpaka ziwiri! Kapena ku Sweden amakalamba msanga?"

"Zimenezo si ndodo za ukalamba, mayi. Ndi zipangizo zamasewera."

"Oho," anatero amama. "Yewo chomene pondiphunzitsa."

Ndodo zoterozo amama anazisaka m'kaunjika mpaka anazipeza, zenizeni, zachitsulo chopepuka, zamalamba ogwirira m'manja. Wogulitsa ankalumbira kuti ndi zomangira neti ya udzudzu, mpaka kuonetsa mmene zimaimira pakona ya bedi. Amama sanamutsutse. Anafika nazo n'kuziimika kuseri kwa chitseko.

M'mawa mwake ndodo kunalibe, adadanso kunalibe. Tinakawapeza pamsewu wopita ku Ching'ambo, juzi pamwamba pa juzi, akubaya dothi uku ndi uku, mwendo ukukwekwereka pambuyo. Anyamata a kabaza anali ataima kuonerera.

"Mwawuka uli, ahedi? Ulendo wa kuti?" anafunsa mmodzi.

"Palibe ulendo. Ndili pa masewera olimbitsa thupi, tachoka panjira."

Zaka zinapita chotero, mtsikana uja akulandira mamendulo uko, adada akukwera zitunda za Zolozolo kuno. Dzinja likafika, matope akuterera, ankati chipale chathu chagwa. Anagwapo ndithu, ndipo podzuka ankatikumbutsa kuti akatswiri nawonso amagwa. Mwendo unabwerera, osati wonse, koma wokwanira kukafika kutchalitchi ndi kubwerako.

Kenako mtsikana uja analengeza kuti wasiya mipikisano. Tinamuona pakanema akulira, atakweza ndodo zake m'mwamba. Adada anazima kanemayo. Mawa lake sanatuluke, mkuja wake chimodzimodzi. Bulangete linabwerera m'miyendo, ndipo mantha anga akale anabwerera nalo limodzi. Amama anayesa zawo zija, "Ahedi, mkazi mnzanga wakuthawani eti?" koma ulendo uno sizinagwire.

Lamlungu ine ndi amama tinavala mwakachetechete, osayembekeza kuti atitsatira. Potuluka tinawapeza pakhonde, atavala suti, m'manja muli ndodo imodzi yokha, yopindika kumutu ija.

"Adada, mwasokoneza," ndinatero. "Zanu zili kuseri kwa chitseko."

"Sindinasokoneze. Mnzanga wapuma akadali mwana, ine ndikunamiza ndani? Ndine nkhalamba, ndikupita kutchalitchi." Anatembenukira kwa amama n'kutambasula dzanja lakumanzere, lomwe nalonso linafooka ndi sitiroko ija. "Kungoti ndinazolowera ziwiri."

"Aa, ahedi! Anthu ationa!" anatero amama.

Anationadi, Zolozolo yonse. Amama dzanjalo sanalisiye mpaka pakhomo la tchalitchi.