Supuni Imene Ndinagwetsa Kumbuyo kwa Esnati

Chizindikiro choyamba chinaoneka mwezi wa Malichi, patangotha milungu iwiri mwana wanga Esnati atachira malungo aakulu. Anali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ine ndikuphunzitsa ku Katuli, masiku aja munthu sunkayenda ulendo wopanda khadi la chipani m'thumba. Ukamuitana ankatembenuka, koma ukamutuma ankangoima n'kumakuyang'ana pakamwa.

Mayi ake anati tipite naye kuchipatala. Ine, podzimva uphunzitsi, ndinati ndiyambe ndamuyesa ndekha. Ndinamuzembera kumbuyo n'kugwetsa supuni pasimenti, iye n'kudzidzimuka. Mlandu ndinagamula pomwepo: mwanayu akumva, wangoyamba mwano. Miyezi isanu ndi iwiri ndinkamukalipira, ndipo kangapo konse ndinamukwapula. Zimenezi zimandiwawa mpaka lero.

Mu Okutobala Esnati anasiyiratu kusewera ndi anzake. Mayi ake sanandipemphenso, anangomanga katundu, ine n'kutsatira. Tinakwera lole mpaka ku boma, komwe tinakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Namwino anamuunika m'makutu ndi katochi, napeza kuti mulibe mafinya kapena chotsekeka, ndipo anatilembera kalata ya ku Blantyre. Tsiku lokaonana ndi dokotala tinalidikira milungu isanu ndi umodzi.

Kumeneko anamuveka zomvera m'makutu n'kumuuza kuti azikweza dzanja akamva kaphokoso. Anakweza pafupifupi ulendo uliwonse, ine n'kumuyang'ana mkazi wanga ngati wopambana mlandu. Kenaka dokotala anaphimba pakamwa pake ndi pepala n'kumatchula mawu oti mwana abwereze. Esnati anakhoza awiri okha.

"Bambo, phokoso likulowa ndithu," anatero dokotalayo. "Umene wavulala ndi mtsempha wotengera mawu ku ubongo. Amamva kuti mukulankhula, koma mawuwo amafika osokonekera. Kukuwa sikungathandize."

Ndinamuuza za supuni ija. Iye anangopitiriza kulemba.

Mankhwala ochiza mtsemphawo panalibe. Kachipangizo kam'khutu kamene anatipatsa kanathandiza pang'ono chabe. Chimene chinam'bwezera Esnati pakati pa anthu n'kuphunzira kuwerenga milomo, kukhala kutsogolo m'kalasi, ndiponso ife kulankhula naye maso ndi maso, mosathamanga, wailesi itazimitsidwa. Chaka chimene anataya kusukulu, komanso mantha amene ankandiopa, zimenezo zinali zanga, osati za malungo.

Lero ndi telala ku Mangochi, mayi wa ana atatu, ndipo thanzi lake lili bwino. Koma safuna kuti munthu amuimire kumbuyo. Makolo anzanga, mwana akasintha kamvedwe atadwala, thamangirani naye kuchipatala msanga. Musamuyese nokha kunyumba.

Kupepesa ndinapepesa Esnati ali kale pabanja. Manyazi anandigwira, ndipo ndinalankhula nditazolika. Anandigwira chibwano n'kundidzutsa nkhope.

"Ababa, mukawerama sindikumvani. Nenaninso mukundiyang'ana."

Ndinanenanso.