Chiberekero cha Mayi Madina Chitatsika

Mayi Madina anafika ku Joni mu 1996 kutsatira amuna awo, a Binali, atasiya ana anayi kwawo ku Ntaja. Anabereka kasanu ndi kamodzi, koma awiri anawaika m'manda. Anapeza ntchito ku Marlboro, yonyamula mabelo a mabulangete m'nyumba yosungira katundu.

Vuto linayamba ngati kulemera chabe kumunsi kwa mimba. Kenaka akatsokomola mkodzo unkadontha. Pofika mu 2001, akaima nthawi yaitali ankamva chinthu chikutuluka kumaliseche, ndipo ankapita kuchimbudzi kukachibwezera ndi zala. Analeka kupita kumzikiti poopa kudetsa mkeka. Amuna awo akawayandikira ankatembenukira kukhoma. A Binali anaganiza kuti akazi awo atopa nawo, ndipo anasamukira kwa mkazi wina ku Alexandra.

Amene anazindikira ndi a Mwaka, mayi wa ku Chipata wokhala nawo nyumba imodzi ku Bertrams, ataona nsanza zoyanikidwa tsiku ndi tsiku.

"Amayi, msinkhu wanuwu si wa nsanza zimenezi. Mukudwala chiyani?" anafunsa a Mwaka.

Mayi Madina analira, kenaka n'kuulula. Lolemba lake anapitira limodzi kuchipatala cha boma.

Dokotala, yemwe anali wamkazi, anawayeza n'kunena kuti chiberekero chatsika chifukwa minofu yochigwira inafooka ndi kubereka komanso kunyamula zolemera. Anati achichotsa, n'kusoka minofuyo kuti chikhodzodzo chibwerere m'malo mwake. Mayi Madina anadikira miyezi isanu, ndipo opaleshoni inachitika mu Meyi 2003. Inayenda bwino.

A Binali anabwera kuchipatala kamodzi, atanyamula malalanje. Anakhala pamphepete pa bedi osayang'ana akazi awo kumaso.

"Ukanandiuza," anatero.

"Mukanandifunsa," anayankha mayi Madina.

A Binali anabwerera ku Alexandra, kumene mkazi uja anali kale ndi pakati.

Mkodzo unasiya kudontha, koma dokotala anawaletsa kunyamula zolemera, choncho ku Marlboro sanabwerereko. Anayamba kusita zovala m'nyumba ziwiri za ku Randburg.

Mu 2006 analandira kalata yoti mwana wawo wamkulu wamkazi wachira kachitatu, wabereka mwana wamwamuna, atavutika masiku awiri kunyumba. Mayi Madina anapempha a Mwaka kuti awalembere yankho. Anayamba kufotokoza za matenda awo, koma anaima pakati.

"Fufutani zimenezo. Mwana wanga sangawerenge zotere za mayi ake," anatero. "Ingolembani kuti asamasenze nkhuni zambiri."