Zolemba pa chiliza cha amayi anga

Lachiwiri lapitali ndinapita ku Mchengautuwa kwa a Gondwe, mmisiri wogoba ziliza. Tikufuna kuwamangira chiliza amayi anga mvula isanayambe, ndipo inu a mu Mzuzu mukudziwa kuti mvula yathu siyang'ana kalendala.

"Monire amama," anandilandira a Gondwe m'Chichewa chawo chosakaniza ndi Chitumbuka. "Dzina la malemu mwandipatsa. Nanga pansi pake tilembepo vichi?"

Iwo anandilozera miyala imene anayedzeka kukhoma. Pa mwala uliwonse wa munthu wamayi panali mawu amodzimodzi: Mayi wachikondi, usani mumtendere.

"Ambiri amatenga iyi," anatero. "Imayenda chomene."

Imayenda chomene, ngati tikunena za kaunjika. Nditaimbira achimwene anga ku Blantyre, nawonso anati, "Achemwali, lembetsani yomweyo, musachedwetse zinthu." Ine ndinapempha kuti andidikire mpaka Lachisanu.

Chinandigwira n'chiyani? Ndinakumbukira tsiku la maliro. Mkulu wa mpingo powerenga mbiri anati, "Malemu sanagwirepo ntchito. Anali mayi wapakhomo ndi Mkhristu wokhulupirika." Basi, kwaya n'kuyamba nyimbo. Akadakhala bambo, tikadamva sukulu zonse zimene anaphunzirako ndi maofesi onse amene anakhalamo, mpaka miyendo kuchita dzanzi. Mawu aja anandiwawa tsiku lija, ndipo akundiwawabe.

Sanagwirepo ntchito? Lachinayi lililonse amayi anga akaweruka ku mapemphero a amayi sankavula n'komwe bulauzi yawo yoyera. Ankasenza basiketi ya chakudya, ulendo wa kuchipatala chachikulu. Kumeneko kunalibe m'bale wawo, ife kwathu ndi ku Thyolo. Akalowa mu wodi ankafunsa anamwino funso limodzi: "Ndani alibe gadiyani?"

Amene munagonekedwapo mukudziwa. Wodwala wopanda womudikirira ndiye amene mbale yake imazizira pambali pa bedi, amene alibe womugwira dzanja popita kubafa. Ena amachokera ku Chitipa, ena ku Karonga, abale ali kutali. Amayi ankapita kwa amenewo ndi Chitumbuka chawo chothyokathyoka chimene ife ana tinkafa nacho kuseka.

Ndipo anali ndi kapoto kabuluu kamene sitinkaloledwa kukakhudza. Tinkakatchula kuti kapoto ka Asilamu. Simunalowepo nyama ya nkhumba, ndipo nkhuku yophikamo ankakazingitsa kwa neba wathu Msilamu. Tinkawaseka kuti, "Amayi, mwalowa Chisilamu liti?" Iwo ankangoti, "Njala ilibe mpingo."

Pochokera kwa a Gondwe ndinadzera ku Salisbury Lines, n'kulowa m'golosale ina kukagula sopo. Mayi wogulitsa anandiyang'anitsitsa mpaka ndinachita manyazi.

"Pepani, inu si mwana wa amayi aja a kapoto kabuluu? Nkhope ndi yomweyo."

Anati dzina lawo ndi Abiti Saidi, kwawo ku Mangochi. Atangofika kumene mu Mzuzu anadwala n'kugonekedwa, amuna awo ali kumalire kukaoda katundu. Sankadziwa munthu aliyense.

"Amayi anu anabwera ndi yunifolomu ya kutchalitchi, ine n'kuopa kudya," anatero Abiti Saidi. "Iwo anati, idyani mwana wanga, kapoto aka sikanaonepo nkhumba, nkhukuyi wazinga ndi Msilamu mnzanu. Anandisambitsa, anandichapira chitenje. Sanandiuze kuti ndilowe mpingo wawo ayi. Ankangotsinzina n'kumapemphera chamumtima, ine ndikudya. Ali bwanji masiku ano?"

Nditawauza kuti anatisiya chaka chatha, anakhala pansi pa thumba la shuga n'kuphimba nkhope ndi mpango. Kenako anandifunsa dzina la amayi anga. Zaka zonsezi sankalidziwa.

Ndinalira nawo limodzi m'golosale muja, kasitomala wofuna machesi akudikira pakhomo.

Tsono ndikufunseni, awerengi. Kumpingo kwanu, kumzikiti kwanu, kodi kulibe mayi wotere? Amene amayamba kufika pamaliro n'kukhala womaliza kuchoka, amene amadziwa nyumba imene mwagona njala? Ali moyo timati ndi amayi aja osakhazikika pakhomo. Akamwalira timawapatsa mizere iwiri ya mbiri ndi mawu oyenda chomene. Bwanji ntchito timaiona pokhapokha ikakhala ndi ofesi ndi tayi?

Akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Amayi anga atagonekedwa komaliza mu wodi yomwe ija, anamwino anatopa n'kuthamangitsa anthu odzawaona. Ambiri mwa iwo ife ana sitinkawadziwa. Koma sindikhulupirira kuti amayi ankaika kuti adzatenge. Ankangoona kuti Mulungu amene ankamuimbira m'mawa ndi yemweyo wagona pa bedi la kukona masana.

Lachisanu ndinabwerera kwa a Gondwe n'kuwauza mawu oti agobe pansi pa dzina: Ndani alibe gadiyani?

Anakanda mutu. "Amama, iyi ndi vesi ya m'buku liti?"

"Si vesi, adada. Ndi mawu a eni ake mwalawo."

"Yewo, ndamva. Kweni mwala wofunsa funso ine sindinagobepo. Anthu akadzawerenga adzayankha vichi?"

Ndinawauza kuti agobe basi. Achimwene ang'ung'udza pa foni, koma avomera.

Funso la a Gondwe ndabwera nalo kunyumba. Kapoto kabuluu kali pa shelefu kukhitchini kwanga, kachita fumbi. Lachinayi likubwerali mu wodi muja mudzakhala munthu wochokera kutali, mbale yake ikuzizira pambali pa bedi. Mwala sungayende kupita kuchipatala. Ndani adzakafunse anamwino funso lija?