Mpando wa Pafupi ndi Injini

Adokotala amene anandiika kabatire pachifuwa anandiletsa zinthu zochepa chabe. Kabatireko n'kachitsulo kakang'ono ngati bokosi la machesi, kali pansi pa khungu chakumanzereku, ndipo ntchito yake ndi kukumbutsa mtima wanga kugunda ukayamba ulesi. Anati foni ndisamaike m'thumba la malaya, ndipo injini ya boti ikamalira ndisamaiweramire. Anathera pomwepo.

Koma pofika kwathu ku Nkhotakota malamulowo anali ataswana. Akazi anga analipo pamene adokotala ankalankhula, ndipo iwo anamva zawozawo: boti ayi, nyanja ayi, dzuwa ayi. Ine munthu wokulira pamadzi ndinasanduka mlonda wa khonde. Boti langa linkapita ndi anthu ena, ine n'kumangolimvera patali. Ndikati ndidzuke ndikaone kugombe, mayiwo ali kale pakhomo, manja m'chiuno. Ndinkakalipa mpaka oyandikana nafe anazolowera. Koma nanenso mantha ndinali nawo. Ndinali nditagwapo pamchenga ngati thumba la mpunga, m'maso muli bii, ndipo amene ananditola anali iwowo.

Mwana wathu wamkazi, amene amagwira ntchito ku Dar es Salaam, anatitumizira matikiti a ndege kuti tikapume kwawoko mu Disembala. Amayi ake anakana, ati kumeneko kumatentha kuposa kwathu kuno. Mwanayo anaimbira adokotala, adokotala anati ndipite bola ndizikamwa madzi ambiri. Mayiwo anavomera monyinyirika, n'kupita kumsika kukagula ambulera.

Pabwalo la ndege ku Lilongwe ndinauza achitetezo za kabatire monga anandilangizira. Sanandidutsitse pakhomo lawo lolira lija lofufuzira zitsulo. Bambo wina anangondipapasa ndi manja mwaulemu, ine n'kuyamba kudzimva ubwana. Ubwanawo unatha nditakhala pampando. Kunja kwa zenera langa, pafupi poti ndikanatha kulavulirapo, panali injini yaikulu ngati boti langa, pulopela yake yotalika kuposa munthu.

Akazi anga anaiona nthawi yomweyo. Anakodola mtsikana wogwira ntchito m'ndegemo n'kumuuza kuti bambowa ali ndi batire, sayandikira injini, atisinthire malo. Mtsikanayo anayankha mofatsa kuti malo onse adzaza, komanso kuti anthu a mabatire amakwera ndege masiku onse. Mayiwo anamuyang'ana monga amayang'anira wogulitsa chambo cha dzulo. Anafuna kuti tisinthane mipando, ine ndinakana. Kufa ndikanafa ndithu ngakhale nditasendera mkono umodzi, ndiye bola ndifere pazenera.

Pulopela inayamba kuzungulira. Phokoso linalowa mumpando, mumsana, mpaka m'mano. Ndinadzifunsa kuti ngati kainjini ka boti n'koopsa, nanga chinthu ichi? Akazi anga anagwira dzanja langa, zala zawo pamtsempha, milomo ikugwedera ndi pemphero. Ndege inathamanga n'kunyamuka. Ndinadikira mdima uja kuti undigwere m'maso. Sunabwere. Mtima unkagunda mwamphamvu ndi mantha, koma osadumphitsa.

Sipanapite nthawi, pansi panatseguka nyanja. Choyamba kuzindikira chinali dziwe la Chia, kamtsinje kake kolowera m'nyanja kakuoneka ngati ulusi. Kenako mchenga wa Sungu, madambo a mpunga, malata a paboma akuthwanima. Maboti anali timadontho, ndipo mwina limodzi linali langa. Ndinaona tsidya lathu ndi tsidya la Mozambique nthawi imodzi, ine amene ndinkadzitama kuti nyanja ndimaidziwa.

Ndipo pakatikati panali nkhungu, tizilombo touluka tija timene timatuluka m'madzi ngati utsi. Moyo wanga wonse ndakhala ndikuziyang'ana chokweza mutu, kuzilambalala ndi boti kuopa kutsamwa nazo. Tsiku limenelo ndinaziona pamutu pake, mizati ingapo itaima chilili pamadzi, uliwonse ndi mthunzi wake. Ndinagwidwa ndi mantha a mtundu wina, aja amene amakufikira uli m'nyumba yopemphereramo. Kamtima kanga koyendera batire kandikweza mpaka pamwamba pa nkhungu! Misozi inatuluka ndipo sindinaipukute.

"Mayi, taonani kwathu," ndinatero.

Sanayang'ane n'komwe. "Ukugunda," anatero, zala zili pomwepo. "Bambo, ukugunda ndithu."

Ku Dar kunkatenthadi, mayiwo sananame. Thukuta linkayamba usanavale malaya, ndipo mphepo yake inali ngati nthunzi ya m'ketulo. Ndinkayenda pansi pa ambulera ngati mkwatibwi, ndinamwa madzi a kokonati mpaka kutopa nawo. Ndinaviika mapazi m'nyanja yawo yamchere ija, imene imathawa m'mawa n'kubwerera masana ngati ili ndi ntchito kwina. Kabatire sikanadandaule tsiku ndi limodzi lomwe. Pobwerera kunali mitambo, sitinaone kanthu, ndipo akazi anga anagona tulo manja ali pamiyendo pawo.

Titafika kwathu sindinayambitse nkhani ya boti, chifukwa mikangano ndinali nditatopa nayo. M'mawa wina ndili pakhonde panga paja, mayiwo anatuluka atanyamula chipewa changa ndi botolo la madzi.

"Mukakhale kutsogolo," anatero. "Injini agwire ena."

Tinatsetserekera kugombe limodzi, ine n'kumayesa akungondiperekeza. Chikwatiraneni, mayiwo anali asanapondemo m'boti. Amaopa madzi, ngakhale kuchapa amachapira m'mphepete mwenimweni. Koma ndikukhazikika kutsogoloko, ndinawaona akumangitsa chitenje, kulowa m'madzi mpaka m'mawondo, n'kukwera. Injini italira kumbuyo kwathu, anatsinzina mwamphamvu n'kugwira dzanja langa, zala pamtsempha paja.